Boti la kalabu: likonzeni lisananyamule thumba loyamba

Pali alimi ambiri m'dziko muno amene msewu wawo wa kumunda ndi wa kumsika ndi madzi. Ngati muli ku Makhanga ku Nsanje, pa chilumba cha Chisi m'nyanja ya Chilwa, ku Usisya kumpoto kwa Nkhata Bay, ku Likoma kapena ku Chizumulu, mukudziwa kuti thumba la feteleza limafika pamunda litakwera bwato, ndipo mpunga, chinangwa, mbatata ndi chimanga cha kudimba zimatulukira njira yomweyo.

Masiku ano makalabu ndi makopaletivi ena a m'madera otere akusonkherana kuti agule boti lawolawo m'malo momalipira eni mabwato ulendo uliwonse. Maganizo ake ndi abwino. Koma chimene mmisiri amakupatsani tsiku lolandira ndi chigoba chabe: matabwa okhomedwa bwino, opakidwa penti, oyandama. Zimene mudzaikemo inuyo, komanso malo amene mudzaziike, ndizo zidzanene ngati botilo lizibweretsa ndalama kapena lizidya za kalabu, ndiponso ngati okweramo azifika kutsidya.

Mu Meyi 2023 bwato limene linanyamula anthu 37 powoloka Shire ku Nsanje linagundidwa ndi mvuu n'kugubuduka, ndipo anthu oposa 20 anasowa m'madzi. Anali paulendo wa kuminda yawo. Mu Epulo 2017, pa Isitala, boti lodzaza mopyola muyezo linagubuduka pa nyanja ya Malawi kufupi ndi Mlowe ku Rumphi, anthu n'kutayika. Mvuu simungailetse, mphepo simungaiuze kuti idikire. Chimene chili m'manja mwanu ndi kuchuluka kwa anthu ndi katundu, ndiponso kuti boti likadzaza madzi likhalebe pamwamba, anthu apeze pogwira.

Madzi ake ndi ati, katundu wake ndi wotani?

Musanafunse mtengo wa injini, khalani pansi monga kalabu mugwirizane kumene botilo lizikayenda. Pa nyanja ya Malawi mdani wamkulu ndi mafunde, makamaka Mwera ukamawomba kuchokera kummwera chakum'mawa m'miyezi yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti. Kumeneko mukufunika boti la mutu wotukuka ndi mbali zazitali. Pa Shire mafunde ndi ochepa, koma pali mkokomo wa madzi, milu ya mchenga imene imasuntha chaka ndi chaka, zitsa zoyandama ndi namasupuni. Boti la pansi pophwatalala, losamira kwambiri, ndilo limayenda bwino. Chilwa ndi nyanja yosazama, yodzaza njedza ndi mabango, ndipo poti ilibe mtsinje wotulukira, madzi ake ali ndi kamchere kamene kamafulumizitsa dzimbiri. Kumbukiraninso kuti nyanjayi inaphwa mu 1995 ndipo mbali yake yaikulu inaumanso mu 2018. Amene ali ku Chilwa asamangirire chuma chonse cha kalabu pa boti lolemera limene silingakokedwe madzi akathawa.

Kenako werengani katundu. Ndi matumba angati a mpunga amene kalabu imatulutsa pa sabata nthawi yokolola? Ndi anthu angati amawoloka m'mawa uliwonse? Boti logulidwa poganizira tsiku limodzi la chaka limene katundu amachulukitsa limayenda lopanda kanthu masiku ena onse, likumwa petulo wofanana.

Za boti la mphira

Funso limeneli limabwera pafupifupi pamsonkhano uliwonse wa alimi a m'mbali mwa madzi, choncho tiyeni tilithetse. Ambiri munaona maboti a mphira akuthamanga ndi opulumutsa anthu pa madzi osefukira, monga mu Januwale 2015 kapena pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo ena mumawaona kumalo ogona alendo kunyanja. Mtundu wake wabwino uli ndi pansi polimba pa faibagalasi kapena aluminiyamu, ndipo m'mbali mwazungulira chubu chachikulu chopopedwa mpweya, chogawidwa zipinda zingapo kuti chimodzi chikabooka zinazo zigwirebe. Boti lotere linayambira pa sukulu ya Atlantic College ku Wales m'zaka za m'ma 1960, ndipo ntchito imene analipangira ndi yopulumutsa anthu panyanja. Pa ntchito imeneyo palibe lolipambana: ndi lopepuka, silipendekeka msanga, ndipo ngakhale lidzaze madzi silimira.

Koma si ngolo. Machubu aja amadya malo ambiri a mkati, moti boti looneka lalikulu kunja limalowa matumba ochepa. Liwiro lake limabwera pokhapokha likanyamuka n'kumatsetsereka pamwamba pa madzi, ndipo kuti litero pamafunika injini yaikulu ndi katundu wochepa. Ndiye taganizirani zimene mlimi amakwera nazo: khasu, chikwanje, mitengo ya chinangwa yodula kumene, waya womangira dengu, mbuzi ya nyanga. Chilichonse mwa zimenezi chingaboole chubu. Ine ndikanati kalabu yofuna kunyamula mbewu isaike ndalama zake pamenepa.

Ngati komabe m'mudzi mwanu muli nalo kale, kaya munalandira kapena munagula logwiritsidwapo ntchito, lisungireni odwala, amayi oyembekezera ndi nthawi ya madzi osefukira, ndipo mulikonze motere. Choyamba dziwani ngati machubu ake ndi a PVC kapena a Hypalon, chifukwa guluu wa mtundu umodzi sagwira pa unzake, ndipo guluu womatira chubu cha njinga sagwira pa onse awiri. Mpweya wake ndi wochepa kwambiri, pakati pa 0.2 ndi 0.25 bar, pamene tayala la galimoto yaing'ono limafuna pafupifupi 2 bar. Popani ndi pampu ya phazi yokhala ndi geji, osati makina opopera matayala. Mukapopa m'mawa kukuzizira, dzuwa la masana la ku Chigwa cha Shire limakulitsa mpweyawo mpaka kuphotchola msoko, choncho likakhala pamtunda liphimbeni kapena muphwetseko pang'ono. Pofufuza pobooka, pakani madzi a sopo muone pamene pakutuluka thovu. Pamene anthu amaponda pokwera, yalani chinsalu chokhuthala. Musalikokere pamiyala, musatayire petulo pa machubu, ndipo mukamaboola pansi kuti mumange mpando kapena bokosi, bowo lililonse limatidwe bwino, chifukwa madzi akalowa pakati pa zigawo ziwiri za pansipo boti limalemera osadziwa chalemeretsa. Thanki ya petulo ndi batire zikhale chapakati kapena chakutsogolo pang'ono. Zonse zikaunjikana kumbuyo pamodzi ndi injini, mutu umadzuka ndipo woyendetsa saona kumene akupita.

Chigoba cha matabwa

Kwa alimi ambiri boti loyenera ndi la matabwa la mamita 6 mpaka 8, limene amisiri a m'madoko athu amadziwa kupanga ndi kukonza. Ku Mpwepwe ku Mangochi, kumene kulinso sukulu ya Malawi College of Fisheries, kwakhala kukupangidwa maboti otere kwa zaka zambiri, ndipo si kulakwa kukaona mmene awo amakhalira musanagwirizane ndi mmisiri wa kwanu.

Pitani mukaone matabwa asanakhomedwe. Mlombwa ndi mbawa ndiyo mitengo imene imapirira madzi, koma ikhale youma bwino ndiponso yokhala ndi chilolezo cha a zankhalango. Wina akakunong'onezani za mkungudza wa ku Mulanje, kanani. Mtengo umenewu watsala pang'ono kutha ndipo ndi wotetezedwa ndi lamulo. Thabwa laliwisi limafota likauma, mipata n'kutseguka. Paini wosathiridwa mankhwala amawola msanga, bulugamu amakonda kung'aluka. Misomali ikhale ya kopa kapena yokutidwa kuti isachite dzimbiri. Apa ndi pamene amisiri ena amachepetsera mtengo mwakachetechete, chifukwa penti akapakidwa msomali wamba ndi wabwino zimaoneka chimodzimodzi. Kwa inu onyamula feteleza nkhaniyi ndi yaikulu: Urea akatayikira pansi n'kusungunuka m'madzi a m'boti, amadya chitsulo mofulumira, ndipo msomali umathera mkati mwa thabwa kunja kukuoneka bwinobwino.

Mipata ya pakati pa matabwa amatseka ndi thonje kapena chingwe chofewa n'kumata phula. Asakhomere thonjelo mothinitsa kwambiri, chifukwa thabwa likamwa madzi limatupa lokha n'kutseka. Boti latsopano likamadontha pang'ono masiku oyamba musadandaule. Likapitiriza sabata itatha, libwezeni kwa mmisiri ndalama yomaliza isanaperekedwe.

Thabwa la kumbuyo, pomangirira injini, ndilo limasenza mphamvu yonse yokankha boti. Likhale la mtengo wolimba, lochindikala masentimita osachepera 4 kapena 5, ndipo ligwirizidwe ku mbali zonse ziwiri ndi ku msana wa boti ndi zigwiriro zomangidwa ndi mabawuti, osati misomali. Kutalika kwake kufanane ndi mwendo wa injini imene mudzagule. Injini za mwendo waufupi zimafuna thabwa la masentimita pafupifupi 38, za mwendo wautali pafupifupi 51. Poyeza, onani kachitsulo kophwatalala kamene kali pamwamba pa pulopela: kakhale mzere umodzi ndi pansi pa boti, kapena kutsikirapo osapitirira masentimita awiri ndi theka. Injini ikakwera kwambiri, pulopela imameza mpweya, imangolira osakankha, ndipo madzi oziziritsa salowa bwino. Ikatsika kwambiri imakoka madzi pachabe, imamwa petulo, ndipo pa Shire imakhala yoyamba kugunda mchenga. Pa nyanja ya Malawi sankhani mwendo wautali kuti thabwa la kumbuyo likhale lalitali, ndipo patsogolo pa injini mukhomenso thabwa lina lotchinga kuti funde lochokera kumbuyo lisathire m'boti.

Mkati mwa boti

Pansi yalani thandala la timatabwa totalikirana pang'ono, lokwera masentimita pafupifupi 10 pamwamba pa nthiti za boti, lopangidwa m'zigawo zochotseka. Boti lililonse la matabwa limakhala ndi timadzi pansi, ndipo thumba lokhala m'timadzi timeneto kwa ola limodzi lawonongeka kale. Chakumbuyo siyani malo osayala, okwanira kulowetsa chokapira. Chigubu chodula pakamwa chimakwana, koma zikhale ziwiri ndipo zimangidwe ndi kachingwe. Kukapa si nkhani ya ukhondo chabe. Madzi a pansi amathamangira mbali imene boti lapendekera n'kuwonjezera kupendekako, ndipo maboti ambiri amagubuduka motero. N'chimodzimodzi ndi mgolo wa madzi kapena wa mafuta wosadzaza: zamkati zimakhuthukira uku ndi uku.

Mipando yopingasa ija si yongokhalira. Ndiyo imagwira mbali ziwiri za boti kuti zisakanuke. Musalole munthu aizule pofuna malo a matumba. Ikhale yotsika, chifukwa kulemera kukakhala pansi boti limakhazikika. Pa chifukwa chomwecho, denga la malata ndi mitengo yolemera ndi lolakwika, ngakhale limakongoletsa ndipo okwera amalikonda. Limakweza kulemera m'mwamba, limagwira mphepo ngati tanga, ndipo tsiku loipa wina amadzaponyapo njinga kapena dengu. Ngati mthunzi ukufunika, ukhale wa chinsalu pa timapaipi topepuka, woti ungapindidwe Mwera ukayamba.

Tsopano chinthu chotsika mtengo kuposa zonse, chimene maboti ambiri alibe: zoyandamitsa. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho chigubu cha malita 20 chopanda kanthu, chotsekedwa bwino, chimatha kusenza pafupifupi makilogalamu 20 m'madzi. Zigubu 10 ndi makilogalamu pafupifupi 200. Matabwa paokha samira msanga. Chimene chimakokera boti pansi ndi injini, nangula, batire ndi katundu. Injini ya 15 HP imalemera pafupifupi makilogalamu 37, ya 40 HP imapitirira 70. Mangani zigubu pansi pa mipando motsamira mbali, kuchuluka kofanana uku ndi uku, ndipo chakumbuyo kumene kuli injini zichulukeko. Musaziyale pansi penipeni, chifukwa boti lodzaza madzi lidzatembenuka chadodolido. Zimangeni ndi chingwe cholimba ku nthiti za boti, chifukwa chigubu chomasuka chimangoyandama chokha n'kupita. Muzizitsegula mwezi uliwonse kuona ngati simunalowe madzi, ndipo mugwirizane kuti chigubu cha m'boti sichibwerekedwa kukatungira madzi kapena kuthiramo thobwa la pamaliro. Ngati boti lanu ndi la faibagalasi, zoyandamitsa n'zosakambirana, chifukwa faibagalasi ikadzaza madzi imapita pansi.

Mzere wa katundu

Boti liri pamadzi odekha padoko, injini ndi petulo zili m'malo mwake, yambani kuikamo matumba a makilogalamu 50 limodzilimodzi, uku wina akuyeza pakati pa boti mtunda wochokera pamadzi kufika pamlomo wa mbali. Woyeza maboti wa boma ndiye amapereka muyezo wovomerezeka, koma langizo langa ndi lakuti pamtsinje mtundawu usachepere masentimita 30, ndipo panyanja upitirire pamenepo ndithu. Mukafika pa muyezowo, lekani, werengani matumba, ndipo jambulani mzere wa penti wowala kunja kwa boti mbali zonse ziwiri, pamene madzi afika. Lembani nambala ya matumbayo mkati, pamene aliyense angaione.

Munthu wamkulu muwerengereni makilogalamu 75, ndiye kuti thumba limodzi ndi theka. Boti limene linakwana matumba 24 lingatenge anthu 16 opanda katundu, woyendetsa ali momwemo, kapena anthu 8 ndi matumba 12. Ubwino wa mzerewu ndi wakuti umachotsa mkangano pakamwa pa woyendetsa. Sakukana mfumu kapena apongozi ake. Mzere ndiwo wamira.

Injini ndi petulo

Apa ndi pamene makalabu amatayira ndalama zambiri. Boti lolemera la matabwa silitsetsereka pamwamba pa madzi, limachita kuwang'amba, ndipo liwiro lake limathera pamene kutalika kwake kwalola. La mamita 7 limafika pa makilomita pafupifupi 12 pa ola. Mukaikapo injini yaikulu kawiri, liwiro limangowonjezekera pang'ono, kumbuyo kumamira, funde la m'mbuyo limakula, petulo n'kumapita. Injini za mtundu wosakaniza petulo ndi oyilo, monga za Yamaha Enduro zimene zili m'madoko ambiri, zikatsegulidwa mpaka kumapeto zimamwa pafupifupi theka la lita pa HP iliyonse pa ola. Ya 15 HP ndi malita pafupifupi 7 pa ola, ya 40 HP pafupifupi 20. Walira mvula walira matope: wofuna injini yaikulu akonzekere kuidyetsa. Pa boti la mamita 6 mpaka 8 lonyamula mbewu, 15 HP imakwana m'malo ambiri, ndipo 25 HP ndi ya kumene mkokomo wa madzi ndi wamphamvu.

Tiwerengere limodzi. Ulendo wa ola limodzi kupita ndi ola limodzi kubwerera pa injini ya 15 HP ndi malita pafupifupi 14. Ngati mwanyamula matumba 20, thumba lililonse ladya malita 0.7. Ngati mwanyamula 5 okha, lililonse ladya pafupifupi malita atatu. Chulukitsani ndi mtengo wa petulo wa lero, muone ngati mtengo wa mpunga kumsika ungabweze zimenezo. N'chifukwa chake kalabu iyenera kukhala ndi masiku odziwika a ulendo, kusonkhanitsa katundu, ndi kufunafuna chobwerera nacho, kaya feteleza, mchere kapena simenti. Ndipo woyendetsa akabweza dzanja pang'ono, osatsegula mpaka kumapeto, mumafika mochedwerapo mphindi zochepa koma petulo wotsala amaoneka. Ponyamuka tengani petulo wa magawo atatu: lopitira, lobwerera, ndi lina longosunga. Pa ulendo wathuwu ndi malita 21.

Pogula injini uzani wogulitsa kuti ndi ya boti lonyamula katundu, akupatseni pulopela yokoka zolemera, osati yothamangitsa. Pulopela yolakwika ili ngati kukwera phiri panjinga yodzaza makala uli pa giya yothamangira: injini imabanika, imatentha, imatha msanga.

Kasakanizidwe ka oyilo katsatire buku la injiniyo. Zambiri za mtundu umenewu zimafuna gawo limodzi la oyilo pa magawo 50 a petulo, kutanthauza mamililita 20 pa lita imodzi, kapena mamililita 400 pa chigubu cha malita 20. Injini yatsopano imafuna oyilo wowirikiza kawiri pa maola 10 oyamba. Oyilo wake ndi wa injini za pamadzi, wolembedwa TC-W3 pabotolo, osati wa galimoto. Dulani kabotolo koyezera kamodzi, mukalembe mzere, kazikhala m'boti. Petulo wogula m'zigubu m'mbali mwa msewu nthawi zina amakhala ndi madzi kapena zinyalala, choncho muzimusefa pothira. Thanki ikhale pamthunzi, yomangidwa, kutali ndi batire, ndipo fodya ndi mbaula zisakwere.

Mukangoliza injini, yang'anani kamadzi kamene kamatuluka ngati kamkodzo kumbuyo kwake. Kakasiya, zimitsani pomwepo. Kawirikawiri ndi udzu, pepala la pulasitiki kapena mchenga zatseka polowera madzi. Apo ayi kampira kopopa madzi katha. Mphindi zochepa zoyenda popanda kamadziko zimakwana kupha injini. Musailize ili pamtunda. Imangeni ndi tcheni ku boti kuwonjezera pa zomangira zake, chifukwa zomangirazo zimamasuka ndi kunjenjemera. Kachingwe kofiira kozimitsira injini kakhale padzanja kapena pamwendo pa woyendetsa nthawi zonse. Iye akagwera m'madzi injini imazima yokha m'malo mozungulira n'kudzamutema. M'kabokosi kosalowa madzi musunge mapulagi awiri, sipanala yake, pulayala, chingwe cholizira chapadera, mapini a pulopela ndi mpeni wodulira ukonde wokulungika. Nkhafi zosachepera ziwiri ndi nsungwi yaitali yokankhira zisatsike m'boti ngakhale injini ikhale yatsopano.

Nangula, nyali ndi majekete

Nangula ndiye buleki ya boti. Injini ikazima pa Shire popanda nangula, madzi amakutengerani kumene afuna. Chingwe chake chikhale chotalika kasanu kuposa kuya kwa madzi amene mumaimamo, chokhala ndi katcheni kafupi pafupi ndi nangulayo kuti agone pansi n'kugwira. Chimangidwe kumutu kwa boti, osati kumbuyo kapena m'mbali.

Ulendo wa usiku upeweni, makamaka kumene kuli mvuu. Koma poti wodwala sasankha nthawi, ikani nyali yoyera pa kamtengo, yooneka mbali zonse, ndi tochi yamphamvu. Boti lokulirapo limafunanso nyali yofiira kumanzere ndi yobiriwira kumanja. Kasola kakang'ono ndi batire lotsekeredwa m'bokosi lokwezeka zimakwana kuyatsa nyalizi ndi kutchaja foni, imene muziisunga m'botolo la pulasitiki la pakamwa patali lotseka bwino. Foni kapena wailesi ikuthandizeninso kumva machenjezo a Mwera amene a zanyengo amalengeza.

Majekete oyandamitsa akhale ofanana ndi nambala ya anthu imene mwalemba m'boti, ena mwa iwo aang'ono a ana, chifukwa mwana amapulumuka m'jekete la wamkulu. Avalidwe padoko. Jekete limene lili pansi pa matumba 20 a mpunga silipulumutsa munthu, ndipo limene lasanduka khushoni yokhalira limaphwatalala n'kutaya mphamvu. Anthu a m'mbali mwa madzi amakonda kunena kuti amadziwa kusambira. Kusambira wavala chitenje, mwana ali kumsana, anthu ena atatu akukugwira, ndi nkhani ina.

Kupakira mbewu

Zolemera zikhale pansi ndi pakati, zofanana mbali zonse, mutu wa boti utatukuka pang'ono kuposa kumbuyo. Matumba asapitirire kwambiri mlomo wa boti, ndipo amangidwe kuti asagubudukire mbali imodzi funde likamenya, koma ndi mfundo yoti ingamasulidwe msanga ngati pafunika kutaya katundu kuti anthu apulumuke. Phimbani ndi lona, m'mphepete mwake mutagwera kunja kuti madzi a mafunde asatsikire m'matumba.

Chimanga ndi mtedza zimene munaumitsa bwino zikanyowanso paulendo n'kukasungidwa choncho, zimachita chuku, ndipo chuku china chimabala poizoni wa aflatoxin amene sachoka ndi kuphika komanso amakanitsa mtedza kwa ogula akuluakulu. Thumba lililonse limene lanyowa litsegulidwe n'kuyanikidwa tsiku lomwelo. Mpunga wa Kilombero umagulidwa chifukwa cha fungo lake. Ukagona pafupi ndi thanki ya petulo kapena pa thandala lonunkha usipa, mtengo watsika. Feteleza akanyowa amagwirana n'kukhala chibuma. Mankhwala ophera tizilombo akhale m'chidebe chawochawo chotseka, kutali ndi chakudya, chifukwa akatayikira m'madzi a pansi mudzawakapira m'nyanja momwe mumamwa ndi kuphamo nsomba. Tomato ndi masamba zikhale pamwamba, m'mabokosi. Mbuzi zimangidwe miyendo n'kugonekedwa pakati, chifukwa zikadzidzimuka zonse zimathamangira mbali imodzi. Ng'ombe isakwere boti la msinkhu umenewu.

Lamulo ndi thumba la kalabu

Lamulo la Inland Waters Shipping Act la 1995 ndilo limayang'anira zombo za pa nyanja ndi mitsinje ya dziko lino, ndipo dipatimenti ya boma yoona za maulendo a pamadzi, imene ili ndi maofesi ku Monkey Bay, ndiyo imayeza ndi kulembetsa maboti. Ngati muzinyamula anthu kapena katundu wa ena molipiritsa, kafunseni kumeneko zofunika pa boti ndi pa woyendetsa musanayambe. Mukafuna kuti boti lomwelo liziphanso nsomba, chilolezo chake ndi china, cha a zausodzi, ndipo komiti ya padoko lanu ikuuzani za nyengo yotseka ndi maukonde oletsedwa.

Ndalama zikakhala zosakwana zonse nthawi imodzi, yambani ndi chigoba chabwino, thandala, zigubu, nkhafi, nangula ndi majekete. Injini ibwere pambuyo. Boti lopalasa lokhala ndi zonsezi limagwira ntchito pamtunda waufupi. La injini lopanda zimenezi ndi ngozi yothamanga. Pa ndalama ya ulendo uliwonse, mukachotsa petulo ndi malipiro a woyendetsa, patulani gawo lokhazikika la kukonza, ndipo lisabwerekedwe. Musunge kabuku kolemba tsiku, kumene mwapita, matumba, anthu, malita ndi maola amene injini yalira. Maolawo ndiwo adzakuuzani nthawi yosintha oyilo wa m'giyabokisi ya kumwendo, kawirikawiri pa maola 100 aliwonse kapena miyezi isanu ndi umodzi. Oyiloyo akatuluka wotuwa ngati mkaka, madzi akulowa, ndipo makaniko asinthe timphira totseka magiya asanadyeke.

Lembaninso m'malamulo a kalabu kuti pamadzi mawu omaliza ndi a woyendetsa, osati a wapampando kapena msungichuma, ndipo akakana kunyamuka chifukwa cha mphepo kapena katundu asadulidwe malipiro. Oyendetsa akhale awiri ophunzitsidwa, kuti wina akadwala boti lisaperekedwe kwa mnyamata aliyense amene wapezeka padoko.

Kamodzi pachaka likokereni pamtunda, pamthunzi, pa mitengo yopingasa. Palani ndere, bayani nthiti ndi thabwa la kumbuyo ndi nsonga ya mpeni kufufuza pofewa, sinthani misomali yodyeka, matani phula, pakani penti ndipo mujambulenso mzere uja pamalo ake enieni. A kunyanja ya Malawi achite zimenezi mu Epulo, Mwera usanayambe komanso mpunga usanafike padoko. A ku Shire ndi ku Chilwa achite mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, feteleza asanayambe kuwoloka ndi mitsinje isanadzaze. Lisakhalitse pamtunda kupitirira sabata ziwiri nthawi yotentha, chifukwa matabwa amafota ndipo phula latsopanolo limang'aluka.